Momwe ndinatayira anapiye 13 chifukwa cha kujomphana

Ndimakhala kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, kumene mwezi wa Juni ukafika chifunga chimatha kukhalapo mpaka dzuwa litakwera, ndipo madzi ogonera m'ndowa amazizira moti zala zimachita dzanzi. Ndayamba ndi za kuzizira chifukwa mantha amene ndinali nawo pa chisanu ndi amene anandichititsa zambiri mwa zinthu zolakwika zimene ndifotokoze pano, ndipo ndikudziwa kuti alimi ambiri a kuno ku mapiri, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lizulu ndi Tsangano, ali ndi mantha omwewo.

Pakati pa mwezi wa Juni 2023 ndinalandira anapiye 150 a tsiku limodzi, a nkhuku zofiira zoikira mazira. Ndalama zogulira anapiyewo, thumba limodzi la makilogalamu 50 la sitata (chakudya choyambira cha anapiye), makala ndi katemera ndinakongola ku banki m'khonde ya gulu lathu la amayi, pa chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi. Nkhuku zachikuda ndinali nditaweta kuyambira ndili mtsikana, koma kumeneko thadzi ndi amene amagwira ntchito yonse yolera ana. Kulera anapiye opanda make kunali koyamba.

Malo ofunditsira ndinawakonza m'kachipinda kosungiramo katundu ka mamita 3 mbali zonse. Ndinazunguliza makatoni pakati pa chipindacho, bwalo lake mamita 2 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, n'kuthira utuchi wa paini umene ndinakatenga kwa ocheka matabwa. Pakati ndinaika mphika wadothi wobowola m'mbali, wokhala pa njerwa, umene ndinkaikamo makala oyaka. Zodyera zinali zitatu, zomwera ziwiri. Pa sabata yoyamba zonsezi zinali zokwanira, ndipo ngakhale anapiye anayi ofooka anafa m'masiku oyambawo, otsalawo ankadya bwino ndi kuthamangathamanga moti mtima wanga unakhala pansi.

Sabata yachiwiri kunazizira kwambiri. Ndinatseka zenera ndi masaka, ndinatsekanso mpata wa kunsi kwa chitseko, kenaka ndinawonjezera mbaula yachiwiri. Mababu awiri a sola owala kwambiri ndinkawasiya oyaka usana ndi usiku, poganiza kuti mwanapiye amene akuona chakudya nthawi zonse amakula msanga. Choyezera kutentha ndinalibe. Anapiye anayamba kugona m'mphepete mwa makatoni, kutali ndi mphika, ena atayasama kukamwa, mapiko atagwera pansi. Ine ndinkaona ngati akupuma chifukwa chokhuta. Ndikanadziwa kuti anapiye eni ake ndiwo amanena za kutentha: akaunjikana pafupi ndi moto uku akulira mokweza ndiye kuti azizidwa, akathawira kumphepete n'kumapuma wefuwefu ndiye kuti atenthedwa, ndipo akabalalika mofanana m'bwalo lonse ndiye kuti zili bwino. Kutentha kumene amafuna sabata yoyamba, madigiri 32 mpaka 35, kumayenera kumatsika ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse. Ine ndinkakweza pa nthawi imene ndinayenera kutsitsa.

Cholakwa china chinali pa chakudya. Pofika tsiku la 12 ndinaona kuti thumba la sitata likutha mofulumira, chifukwa china chinkatayikira mu utuchi, ndipo ndalama yogulira lina ndinalibe. Ndinayamba kusakaniza sitata ndi gaga wa kuchigayo, theka ndi theka. Anapiye ankadya ndithu, zithokomiro zinkadzaza, ndipo sindinaone vuto lililonse. Bwalo la makatoni lija sindinalikulitse, ngakhale anapiye anali atakula kuwirikiza kawiri.

Pa tsiku la 17 m'mawa, ndikusintha madzi, ndinaona mwanapiye mmodzi wopanda nthenga pamwamba pa mchira, ndipo pakhungupo panali kadontho ka magazi kochepa ngati njere ya mapira. Anzake awiri ankamutsatira n'kumamujompha pomwepo, iye n'kumathawa. Ndinamunyamula, ndinamuyang'ana, ndinaganiza kuti mwina ndi khoswe kapena utitiri, ndipo ndinamubwezera pakati pa anzake. Pa zonse zimene ndinachita m'masiku amenewo, ichi n'chimene chimandipweteka kwambiri, chifukwa pa nthawi imeneyo vuto linali la mwanapiye mmodzi ndipo katoni imodzi yopanda kanthu inali yokwanira kulithetsa. Tsiku lotsatira ndinaona ena atatu othothoka kumsana. Ndinatchera msampha wa makoswe.

Tsiku la 19 m'mudzi mwathu munagwa maliro. Ndinathira chakudya ndi madzi cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndinawonjezera makala, ndinatseka chitseko n'kupita kukathandiza kuphika kusiwa. Ndinabwerera cha m'ma 3 koloko masana. Ndisanatsegule n'komwe ndinamva kulira kwachilendo, ndipo nditatsegula mpweya wotentha unandiwomba kumaso. Zodyera zinali mbee, zomwera zitauma. Anapiye awiri anali atafa, ndipo kumbuyo kwawo kunali kotseguka, matumbo atakokedwa. Gulu la anzawo linali likulimbirana pa mitemboyo, milomo ili yofiira. Ena asanu ndi awiri anali akuchucha magazi kumchira, kumsana, wina pa zala. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo miyendo itafooka. Ndinali nditaonapo nkhuku zikufa ndi chitopa khola lonse, koma kuona anapiye amene ndinkawadzukira katatu usiku uliwonse akudyana okhaokha kunandiopsa mwa njira ina, ndipo maganizo anga anathamangira ku ngongole ija.

Mnansi wanga anandiuza kuti ndipake oyilo wakuda wa galimoto pa mabala, kuti anzawo akalawa kuwawa asiye. Ndinapaka, ndipo madzulo omwewo ndinawabwezera onse m'bwalo chifukwa ndinkaopa kuti akakhala paokha afa ndi chisanu. Oyilo uja anamata nthenga, anapiye ankadzikonza ndi milomo n'kumameza, ndipo kunyezimira kwake pansi pa mababu aja kunkakopa anzawo kuposa poyamba. M'mawa wa tsiku la 20 atatu mwa iwo anali atafa.

Apongozi anga aakazi atamva anabwera, ndipo ananena mwachikondi ndithu kuti, "Mwana wanga, nkhuku yolusa amaiwotcha mulomo, bweretsani mpeni tiike pamoto." Tinagwira anapiye asanu ndi mmodzi amene anali ndi magazi kumilomo n'kuwadula ndi mpeni wamoto. Sitinkadziwa polekezera. Mmodzi anatuluka magazi ambiri, ndipo awiri tinawadula kwambiri moti sankathanso kutola chakudya. Awiriwo anafa patapita masiku atatu. Sindiwaimba mlandu apongozi, chifukwa mpeniwo ndinagwira ndine. Chimene ndinadziwa pambuyo pake n'chakuti mulomo wa mwanapiye uli ndi mitsempha ndi magazi mkati mwake, kuti kudula n'kwa munthu wophunzira amene amachotsa kansonga kokha, komanso kuti magazi a pamulomo sasonyeza amene anayambitsa, chifukwa pofika nthawi imeneyo pafupifupi aliyense anali atalawako.

Tsiku lomwelo ndinaimbira foni alangizi a ziweto a dera lathu, koma anali kutali ndi ntchito ya katemera ndipo ine sindinafotokoze bwino. Ndinangoti anapiye akufa pang'onopang'ono, chifukwa ndinkachita manyazi kunena kuti akudyana. Tsiku la 21 anafanso awiri. Ndinaimbanso, ndinanena zonse mosabisa, ndipo ndinalonjeza kulipira njinga yamoto ya kabaza popita ndi pobwera. Anafika m'mawa wa tsiku la 22, patatha masiku asanu chionereni kadontho koyamba kaja.

Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi mabala. Iwo anaima pakati pa chipinda, anapukuta thukuta, n'kunena kuti, "Mayi, chotsani masaka awa pazenera tisanayambe china chilichonse." Anaika choyezera kutentha pansi, pa msinkhu wa anapiye, ndipo chinasonyeza madigiri 34, pamene anapiye olowa sabata yachinayi amafuna madigiri a pakati pa 24 ndi 27. Anandichenjezanso kuti makala oyaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umapha anapiye ngakhalenso munthu, ndipo ndinakumbukira kuti masiku onsewo mutu unkandipweteka ndikatuluka m'chipindamo. Anatapa chakudya m'dzanja, anachiyang'ana, n'kundifunsa kuti, "Gagayu munayamba liti kuthiramo?" Nditayankha anangogwedeza mutu.

Asananene kuti vuto ndi kujomphana chabe, anayang'ana zitosi ndi kunsi kwa mapiko. Anati matenda a gumboro akamayamba anapiye amadzijompha okha potulukira zitosi, ndipo matenda otsegula m'mimba a magazi amasiya kufiira kumbuyo kumene kumakopa anzawo. Nsabwe ndi utitiri nazonso zimachititsa mwanapiye kudzikanda mpaka kutuluka magazi. Zonsezi sanazipeze. Kenaka anagwira mwanapiye mmodzi wabwinobwino, anatambasula mchira wake n'kundionetsa nthenga zanthete zimene zinkangotuluka kumene, zokhala ngati timachubu takuda. Anati pa msinkhu wa masabata awiri mpaka anayi nthenga zimenezi zimakhala ndi magazi mkati, ndipo imodzi ikathyoka magazi amatuluka. Mwanapiye amajompha chilichonse chimene chaoneka mosiyana ndi zina, makamaka chofiira, ndipo akangolawa magazi amabwereranso, anzake n'kumatengera. Nthenga zimapangidwa ndi mapuloteni, choncho nthawi imene zikumera ndi imene thupi limawafuna kwambiri. Sitata wa anapiye oikira amakhala ndi mapuloteni pafupifupi 20 peresenti pamodzi ndi mchere ndi mavitamini oyezedwa bwino, pamene gaga ali ndi pafupifupi theka la mapuloteni amenewo. Posakaniza theka ndi theka ndinachepetsa zonsezo pa sabata yeniyeni imene zinkafunika, ndipo anapiye anayamba kuzifuna pa misana ya anzawo. Kuthithikana, kutentha, kuwala kosalekeza ndi njala ya tsiku la maliro zinangomalizitsa.

Mawu awo amene sindinawaiwale ndi akuti, "Mayi, anapiyewa si olusa ayi. Malo ano ndi amene akuwazunza."

Tinayamba ndi ovulala. Tinawatola onse, ngakhale amene anali ndi kabala kakang'ono, ndipo anakwana 14. Atatu anali atabowoledwa potulukira zitosi mpaka zamkati zikuoneka. Alangizi anati amenewa sangachire ndipo kuwasunga n'kuwazunza, choncho anawapha mwachangu ndipo tinawakwirira mozama kuti agalu asafukule. Zinandivuta kuvomera, koma ndinali nditaona kale momwe anzawo a mabala otere anafera pang'onopang'ono usiku wonse. Otsalawo tinawatsuka ndi madzi owiritsa ozizira pang'ono, othira mchere supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita. Pamene magazi ankatulukabe tinkakanikiza ndi kansalu koyera kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pamene panali nthenga yanthete yothyoka imene inkachuchabe, alangizi ankaizula yonse kuti magazi aleke. Oyilo uja tinamuchotsa ndi madzi ofunda a sopo pang'ono n'kuumitsa anapiyewo bwinobwino pafupi ndi moto, chifukwa mwanapiye wonyowa kuno ku Dedza sachedwa kufa. Pomaliza tinapaka jivi, mankhwala a mtundu wa papo aja amene timawadziwa a pa zilonda. Amaumitsa bala, komanso amabisa kufiira kumene kumaitana milomo ya anzawo. M'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezekanso opopera a mtundu womwewo, koma ine ndinagwiritsa jivi chifukwa ndi amene analipo pafupi.

Ovulalawo tinawaika m'makatoni atatu, atatu kapena anayi pa katoni, potengera kukula kwa mabala, m'chipinda chomwecho kuti azimva kutentha ndi mawu a anzawo, ndipo pamwamba tinaphimba ndi chitenje mbali imodzi kuti mukhale mdima pang'ono. Ovulala nawonso amajomphana akakhala powala, ndipo mwanapiye akakhala yekhayekha amalira osadya. M'madzi mwawo tinathira mavitamini. Mankhwala opha tizilombo alangizi anapereka kwa awiri okha amene mabala awo anali atatupa ndi kununkha, ndipo anandiletsa kumwetsa gulu lonse. Anandiletsanso kuthira mchere m'madzi akumwa, zimene munthu wina anandilangiza, chifukwa mchere ukapitirira muyeso umapha anapiye.

Kenaka tinatembenukira ku malo. Makatoni ozungulira aja tinawachotseratu, anapiye n'kutenga chipinda chonse cha masikweya mita 9 m'malo mwa bwalo lija la masikweya mita pafupifupi atatu. Mbaula yachiwiri inatuluka, mphika unatsala wa usiku ndi m'mamawa wokha, ndipo zenera linakhala lotsegula kumwamba, lotchingidwa ndi waya, kuti mpweya uzilowa popanda mphepo kuwomba anapiye. Babu limodzi tinalichotsa, linalo tinalikweza kudenga n'kulikuta ndi pepala lofiira, chifukwa kuwala kofiira kumachititsa kuti magazi asamaoneke kwambiri. Alangizi anati ndiyambe kuzimitsa ola limodzi usiku woyamba n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku mpaka maola 8, ndipo masiku oyamba ndizikhalapo pozimitsa, chifukwa anapiye osazolowera mdima amatha kuunjikana pakona n'kuphana. Zodyera ndinawonjezera kufika zisanu ndi ziwiri, zina zodula kuchokera ku zigubu zakale, ndipo zomwera zinakhala zinayi, zotalikirana, kuti wamphamvu asatchinge wofooka. Madzulo ake mwamuna wanga anagulitsa matumba awiri a mbatata ya kachewere imene tinkasunga kudikira mtengo wabwino, ndipo m'mawa mwake anapita ku Dedza boma kukagula thumba la sitata.

Chinthu chimene ndinkachiona ngati chachibwana, koma chinathandiza kwambiri, chinali kupachika masamba. Kuno kabichi sasowa, choncho ndinkamanga masamba ake akunja pa chingwe, pamodzi ndi chisoso ndi bonongwe wa kudimba, n'kuwalendewetsa pa msinkhu woti mwanapiye adumphe pang'ono kuti afikire. Ndinaikanso lichero lakale la mchenga wouma kuti azisambamo, ndi timitengo tiwiri topingasa toti azikwerapo. Mwanapiye amene ali ndi make amakhala tsiku lonse akupalasa ndi kutola. Wanga analibe choti ajomphe kupatula utuchi ndi mnzake. Masambawo ndinkapereka ochepa, akatha kudya sitata, kuti asalowe m'malo mwa chakudya chenicheni monga anachitira gaga.

Kujomphana sikunathe tsiku lomwelo. Kwa masiku anayi ndinkapezabe mmodzi kapena awiri okandidwa, koma tsopano ndinkalowa maola awiri alionse ndi botolo la jivi m'thumba, ndipo aliyense wooneka kufiira ankatuluka nthawi yomweyo. Nditakhala chete pakona kwa theka la ola tsiku lachitatu, ndinaona kuti pali mwanapiye mmodzi amene ankayenda kumbuyo kwa anzake n'kumakoka nthenga ngakhale chakudya chili chodzaza. Ameneyo ndinamupatula kwa sabata yathunthu, ndipo alangizi atabweranso anamuchotsa kansonga ka mulomo wa pamwamba. Pofika tsiku la 28 panalibenso bala latsopano. Mmodzi mwa awiri otupa mabala aja anafa, ndipo pamodzi ndi awiri a mpeni aja chiwerengero cha ofa chifukwa cha kujomphana chinafika 13.

Ochira ndinawabwezera patapita masiku 10 mpaka 12, nkhanambo zitauma ndipo nthenga zitayamba kuphimba. Ndinkawabwezera madzulo pozimitsa babu, awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo m'mawa ndinkakhala pomwepo kuyang'anira. Mmodzi ndinafulumira naye, nkhanambo inasendeka, ndipo anabwerera m'katoni kwa sabata ina.

Ndinatsala ndi nkhuku 133. Kuwonjezera pa anapiye ofawo ndi chakudya chimene anali atadya kale, ndinalipira kabaza maulendo awiri, mavitamini, jivi, mankhwala ndi zomwera zatsopano, ndipo mbatata ija inapita pa mtengo wotsika. Katemera wachiwiri wa gumboro anachedwa ndi masiku angapo chifukwa alangizi sanafune kutemera anapiye ali ofooka chotero, ndipo masiku amenewo ndinkagona ndi nkhawa. Ndinkayembekeza dzira loyamba pa sabata ya 18 kapena 19, koma linaoneka pa sabata ya 21, kumayambiriro kwa Novembala, ndipo ovulala aja anatsalira m'mbuyo kuposa anzawo. Ngongole ya ku banki m'khonde ndinaibweza mochedwa ndi miyezi iwiri, chiwongoladzanja chikukwera, ndipo ndinachita kuima pamaso pa amayi anzanga kupempha kuti andidikire. Nditawerengera, ndalama imene ndinapulumutsa pothira gaga sinkakwana kugula ngakhale theka la anapiye amene ndinataya.

Gulu lachiwiri ndinatenga mu Seputembala 2024, kunja kutayamba kufunda, ndipo linali la anapiye 100 okha. Sindinawaitanitse mpaka matumba awiri a sitata, choyezera kutentha, botolo la jivi ndi makatoni awiri opanda kanthu zitakhala m'nyumba. Bwalo ndinkalikulitsa masiku atatu kapena anayi alionse kuyambira tsiku lachisanu, ndipo tsiku limene ndinali ndi ulendo wa kuchipatala ndinasiya mchemwali wanga pakhomo nditamuonetsa pamchira ndi pazala pamene ayenera kuyang'ana. Pa tsiku la 15 masana ndinaona mwanapiye mmodzi akutsimphina, anzake awiri akumutsatira. Chala chake chinali chitakandika pa waya wa chodyera ndipo panali kadontho ka magazi. Ndinamunyamula pomwepo, ndinamutsuka ndi madzi a mchere, ndinapaka jivi, ndinamuika m'katoni ndi mnzake mmodzi wofatsa, kenaka ndinabwerera kukapinda waya uja. Anabwerera kwa anzake patapita masiku asanu, ndipo m'gulu limenelo palibe amene anafa ndi bala.